Ankhoswe akati banja latha, kukhoti pitanibe

Asisi inu amene mukufunsa ngati mungakwatiwenso poti amuna anu anakuthawani, musathamangire kukwatiwanso, pitani kaye kukhoti, zoti ankhoswe anakhala pansi nkugwirizana kuti banja latha zija pamaso pa lamulo ndinu akazi ake a bamboyo mpaka majisitireti atalengeza kuti ukwati watha, ngakhale papita zaka zitatu asakuoneka pakhomo.

Poti wanuwo unali wa chinkhoswe nkhani imakayambira ku khoti la majisitireti la kwanu konko, ukanakhala wa kwa DC bwenzi tikunena za High Court. Lamulo la maukwati la 2015 lija limafuna khoti likhutire kuti banja lafika posakonzekanso, ndiye kuthawidwa zaka zonsezi ndi umboni wamphamvu ndithu. Ankhoswe aja musawataye, atengeni akakhale mboni.

Ine ndinachita ulesi womwewu wopita kukhoti, ndinkati bola mtendere, mwamuna wanga wakale uja atamva kuti ndamanga kanyumba pa puloti yomwe tinagula limodzi anatulukira nkumati ndi zake, eeh ndinalira ine. Chinandipulumutsa ndi ma risiti a simenti ndi malata omwe ndinkangoponya mu chikwama, ndiye inunso sungani kapepala kalikonse, ngakhale mameseji a Airtel Money kapena Mpamba. Khoti lothetsa ukwatilo ndi lomwenso limagamula za katundu, yemwe azikhala ndi ana komanso ndalama ya chisamaliro.

Ngati pali nyumba, malo kapena akukuopsezani kuti alanda ana, apa musangomvera ine, kaonaneni ndi loya, ndalama zikavuta pitani ku Legal Aid Bureau mukafotokoze.