Mukuti mulipire maphunziro olosera msika?

Achemwali ena andilembera imelo. Apeza munthu pa intaneti wogulitsa maphunziro, ndipo akulonjeza kuti akawamaliza azidziwiratu kokwera ndi kotsika kwa mitengo ya masheya. Funso lawo ndi lalifupi: ndilipire?

Funsoli landikumbutsa zakale, achemwali. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ina kumene tinkalemba malipoti olosera malonda a chaka chotsatira. Abwana sankafuna kumva mawu oti "mwina". Ankafuna nambala imodzi yoti akaike pa tebulo la akuluakulu. Ndiye tinkachezera pa kompyuta, kukonza timanambala mpaka mzere uloze kumwamba bwinobwino. Lipoti linkamangidwa ndi chikuto chonyezimira, anthu nkuomba m'manja. Chaka chikatha palibe amene ankalitsegulanso kuti aone ngati tinalondola. Tinkangolemba lina. Mnzanga wina ankaikapo kapu ya tiyi pamwamba pa lakalelo.

Vuto silinali ulesi ayi. Msika ndi anthu mamiliyoni, aliyense ndi kachidziwitso kake: uyu wadziwa kuti sitima yachedwa, uyo waona kuti makasitomala ayamba kudandaula, winayo akufuna ndalama mwachangu chifukwa mwana wadwala. Katswiri wa zachuma Friedrich Hayek analemba zimenezi mu 1945, kuti chidziwitsochi ndi chomwazikana ndipo mutu umodzi sungachisonkhanitse. Mtengo ndiwo umanyamula uthengawo pang'onopang'ono. Iye ankatsutsa maboma ofuna kukonza chuma chonse ali mu ofesi, monga ankachitira a Gosplan, bungwe la boma lokonza mapulani a chuma ku Soviet Union. Koma ine ndimati mawu ake amaluma mbali zonse. Ngati nduna singadziwe zonse, wamalonda wa laputopu angadziwe bwanji?

Ndipo pali china chimene chimandikwiyitsa. Nyengo simva ulosi wa mvula, koma msika umamva. Njira ikadziwika kuti ikupindulitsa, aliyense amathamangira komweko, phindu nkuuma. Ndiye munthu amene alidi ndi chinsinsi angachigulitse kwa alendo a pa Facebook? Ine ndikukana.

Nanga akatswiri enieni?

Kampani yochita malonda pa misika ya ndalama ya Long-Term Capital Management ku America inali ndi akatswiri a zachuma Myron Scholes ndi Robert Merton, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1997. Masamu awo anali apamwamba zedi. Mu Ogasiti 1998 dziko la Russia linalephera kubweza ngongole zake, anthu anachita mantha onse nthawi imodzi, ndipo kampaniyo inataya madola pafupifupi 4.6 biliyoni m'miyezi yochepa. Mu Novembala 2008, banki ya Lehman Brothers itagwa kale, Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain inafunsa akatswiri ku London School of Economics chifukwa chake palibe anaona mavuto a zachuma a padziko lonse a chaka chimenecho akubwera. Funso la munthu wamba, koma linawasowetsa mtendere.

Musandimve molakwa, sindikunyoza sukulu. Maphunziro a zachuma amatiuza zinthu zoona, monga kuti kusindikiza ndalama mopanda malire kumakweza mitengo. Chimene sangatiuze ndi tsiku ndi ola. Wokuuzani tsiku ndi ola akugulitsa chitonthozo, ndipo ena a iwo amadziwa bwino lomwe zimene akuchita.

Tsono yankho lanu, achemwali: musalipire. Ngati mtima ukukakamirabe, mupempheni akuonetseni maulosi ake onse a zaka zapitazi, ophonya omwe, olembedwa zinthu zisanachitike. Ndipo ndalama yangongole isayandikire kumeneko.