Chimbuuzi pa chithunzi: chimabisadi munthu?

Funso: Ndimajambula zithunzi zaluso za anthu, ena ali mumsewu, ena atavula mbali ina ya thupi. Ndikafuna kubisa nkhope kapena malo amene Instagram imaletsa, ndimangoikapo blur (chimbuuzi) pa foni. Kodi zimenezi n'zokwanira? Nanga sizikupha luso?

Yankho: Yambani mwadzifunsa chimene mukubisira. Kuteteza munthu n'kwina, kumvera lamulo la kampani n'kwinanso.

Ngati mukuteteza munthu, blur ya pa foni musaidalire kwambiri. Blur siifafaniza nkhope, imangosakaniza mitundu ya timadontho toyandikana, ndipo zambiri zimatsalira momwemo. Mu 2007 apolisi a ku Germany anabwezeretsa nkhope imene chigawenga china chinaipotoza ngati kamvuluvulu pa kompyuta, bungwe la apolisi a mayiko osiyanasiyana la Interpol n'kuifalitsa, munthuyo n'kugwidwa ku Thailand. Mu 2016 akatswiri a University of Texas ndi Cornell Tech anaonetsa kuti kompyuta yophunzitsidwa bwino imazindikira nkhope zachimbuuzi ngakhalenso zoduladula timabokosi.

Choncho pakani kaye mtundu umodzi wosaonekera mkati pankhope yonse, mpaka makutu ndi chibwano, kenako muike blur pamwamba kuti m'mbali musaoneke mwakuthwa. Sungani ngati JPEG yatsopano, osati fayilo yokhala ndi ma layer (magawo osanjikizana amene wina angathe kuwachotsa), ndipo chotsani EXIF (uthenga wobisika umene kamera imalemba mu fayilo ya chithunzi), chifukwa imasunga tsiku, nthawi zina malo, ngakhalenso kachithunzi kakang'ono koyambirira. Muonenso zipsera, mphini, mphete ndi chithunzithunzi cha munthuyo pagalasi la zenera. Ambiri amagwidwira pamenepo.

Njira imene ife timaikonda ndi yobisa pojambula pomwepo, chifukwa nkhope imene kamera sinaigwire bwino n'njovuta kuibweza. Ikani kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), ISO 100 (kuti kamera isamve kuwala kwambiri), f/16 (kabowo ka lenzi kakang'ono), shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) pa 1/4 ya sekondi. Munthu woyenda amasanduka ngati utsi pamene khoma ndi zitseko zili mbee. Dzuwa likawala kwambiri chithunzi chimayera mopitirira, ndiye onjezani fyuluta ya ND, galasi lakuda lochepetsa kuwala kolowa mu lenzi. Zimitsani flash, chifukwa imaimitsa nkhope pakati pa utsiwo, ndipo munthu akaima pang'ono chabe maso ndi mphuno zimatuluka. Lusoli n'lakale: pa chithunzi cha Louis Daguerre, mmodzi mwa oyamba kujambula ndi kamera, cha msewu wa Boulevard du Temple ku Paris, cha 1838, khamu loyenda silioneka konse, koma amene anaima akupukutitsa nsapato ndiye anatsala.

Mukhozanso kutsegula lenzi ya 50mm pa f/1.8 (kabowo kakakulu), n'kulunjika padzanja lomwe lili pafupi ndi kamera, nkhope ili mita imodzi kapena iwiri kumbuyo. Portrait mode ya foni si yofanana ndi zimenezi. Chimbuuzi chake chimapangidwa ndi pulogalamu ndipo pa mafoni ambiri chimachotseka pambuyo pake.

Pa za thupi, inde, luso limavulala. Kachigamba ka blur pachifuwa kamakokera diso pomwepo, ndipo thupi limene munalijambula mwaulemu limayamba kuoneka ngati chinthu chochititsa manyazi. Zimatipweteka kuona ntchito yabwino itaonongeka chonchi. Konzani zobisazo musanajambule: mthunzi wa nyali yochokera kumbali, mkono, tsitsi, nsalu yopyapyala. Ngati uthenga wanu ndi wakuti mwaletsedwa kuonetsa, chigambacho chikhale chachikulu, choonekeratu kuti mwachiika dala.

Ndipo kwa amene wavula, chilolezo chake cholemba chikufunikabe ngakhale nkhope yabisika. Muonetseni chithunzi chomalizacho musanachitulutse, chifukwa abale ake amamudziwa ngakhale ndi kaimidwe kokha.