Nambala ija yakanirira pa 2,147,483,647

Wina mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti mapointi ake pa gemu ya pafoni anafika pa 2,147,483,647 n'kukana kupitirira, ndipo akufunsa ngati nambalayi ili ndi tanthauzo kapena angoitola. Kumapeto anawonjezera kuti, "mwina ndi funso lopanda pake." Mawu amenewo ndi amene andikwiyitsa, achimwene, osati inuyo ayi.

Ine masamu ndinaphunzira kwa mphunzitsi amene ankatiloweza manambala a prime (amene amangogawika ndi 1 ndi iwo omwe) ngati nyimbo: 2, 3, 5, 7, 11, 13. Ukafunsa kuti kodi amatha pati, ankangoti zimenezo sizibwera pamayeso. Ndinakula ndikuganiza kuti nambala yaikulu ndi mulu chabe wa manambala, mpaka ndinadzawerenga ndekha kuti Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, anasonyeza kalekale kuti ma prime alibe malire. Kaphunzitsidwe kotere kamapha chidwi, ndipo amene amakaikira kumbuyo ndimatsutsana nawo mpaka pano.

Tsono nambala yanuyo. Tengani 2, muichulukitse ndi iyo yomwe mpaka ma 2 akwane 31, kenako muchotsepo 1. Imeneyo ndiyo. Ndi prime, kutanthauza kuti palibe nambala imene ingaigawe popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ma prime a mtundu umenewu anatengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene mu 1644 analemba mndandanda wake. Yanuyi ndi yachisanu ndi chitatu. Leonhard Euler ndiye anatsimikiza mu 1772 kuti ndi prime, pamanja, kompyuta kulibe.

Musaganize kuti njirayi imabereka prime nthawi zonse. Ma 2 okwana 11, kuchotsapo 1, amatipatsa 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Mersenne mwiniwakeyo anaphonya: anaika ya ma 2 okwana 67 pamndandanda, koma mu 1903 Frank Nelson Cole anaonetsa kuti ndi 193,707,721 kuchulukitsa ndi 761,838,257,287. Izi ndizo ana akanamauzidwa m'kalasi! Ndiye mu 2024 ofufuza anapeza prime ya mtundu womwewu yokhala ndi madijiti 41,024,320, moti yanuyi ya madijiti 10 ndi kamwana.

Nanga foni ija?

Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'mabiti 32 (biti ndi kamalo kosunga 0 kapena 1). Biti imodzi imasonyeza ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro, otsala 31 ndiwo amawerenga. Onse 31 akadzaza, mwafika pa 2,147,483,647. Kuti ndi prime zangokumanizana, opanga gemu sanaganizeko n'komwe. Vuto lomweli likudikira makompyuta akale amene amawerenga masekondi kuyambira pa 1 January 1970, chifukwa malo adzawathera pa 19 January 2038.

Mukafuna kuiyesa nokha, simukufunika kugawa ndi nambala zonse. Imathera ndi 7, choncho 2 ndi 5 zagwa kale. Madijiti ake mukawaphatikiza akukwana 46, yomwe sigawika ndi 3, ndiye 3 nayonso yagwa. Pitirizani ndi ma prime okhaokha mpaka 46,340 basi, pakuti nambala iliyonse yoigawa yoposa pamenepo ikanakhala ndi inzake yaing'ono imene mukanaipeza kale. Za mapointi anuwo, palibe chimene mungachite pafoni panu. Alembereni opanga gemuyo kuti asamukire ku mabiti 64.