Kodi maganizo angathothole tsitsi? Ndikuyankha achemwali a ku Area 25

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25 ku Lilongwe, dzina sinditchula, andilola kuti ndiyankhire pompano poti mwina enanso ali m'vuto lomweli. Mwachidule akuti mayi awo anamwalira mu Epulo, pasanapite nthawi ntchito inathanso, ndiye kuyambira Julayi tsitsi likungothothoka, akapesa chipeso chimadzadza, akasamba tsitsi lili mbwee pansi m'bafa. Tulo sabwera, nsima sikulowa, kutchalitchi anasiya kupita chifukwa cha manyazi, ndipo azakhali awo akuti pali munthu wawachita chipongwe. Funso lawo: kodi maganizo angathotholedi tsitsi, kapena ndi matenda ena?

Achemwali, pepani ndi maliro aja. Yankho ndi lakuti eee, zimachitika, ndipo miyezi yomwe mwatchulayo ikugwirizana ndendende ndi mmene zimakhalira.

Tsitsi lililonse pamutupa limakula kwa zaka zingapo, kenako limapuma pafupifupi miyezi itatu, nkugwa, lina nkumera pamalo pomwepo. Ndichifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku osazindikira nkomwe. Koma thupi likakumana ndi chinthu chachikulu, kaya maliro, kaya malungo amphamvu, opaleshoni, kubereka, kuwonda mwadzidzidzi, limachita ngati banja lomwe ndalama zatha pakati pa mwezi, limayamba kudula zomwe silingafe nazo, ndipo tsitsi ndi limodzi mwa zoyamba kudulidwa. Tsitsi lambiri limalowa mu nthawi yopuma ija pakamodzi. Silimagwa tsiku lomwelo ayi, limadikira miyezi iwiri kapena itatu, ndiye anthu ambiri sagwirizanitsa ziwirizi, amayamba kunamizira shampu watsopano kapena mayi wa ku saluni kapena neba. Madokotala amati telogen effluvium. Werengani nokha, Epulo mpaka Julayi. Nkhani yabwino ndi yakuti mizu yake siinafe, ndipo nthawi zambiri chomwe chinayambitsa chikachepa kuthothokako kumasiya mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi.

Vuto ndi lakuti zinthuzi zimakokana. Munthu wokhumudwa sadya bwino, sagona, thupi limasowa ayironi ndi zomanga thupi, tsitsi nkumapitiriza kugwa. Tsitsi likamagwa munthu uja amakhumudwa kwambiri, amayamba kubisala, duku tsiku lonse olo ali m'nyumba, ukwati wa msuweni sapita, foni akaimbira pa vidiyo sayankha. Ndipo musalole wina akuuzeni kuti "ndi tsitsi chabe". Kwa mzimayi kuno kwathu tsitsi si chabe, timakhala Loweruka lathunthu pansi pa mtengo wa mango tikulukidwa, ndiye likamachoka zimawawa zenizeni. Abambo nawonso dazi likayamba ali ndi zaka 25 amasekedwa kumpira ndi kuntchito, iwo nkumaseka nawo, mumtima muli zina.

Komabe sindikufuna mungotseka nkhani kuti ndi maganizo basi. Tayang'anani pagalasi mmene likuchokera. Ngati likupepuka mutu wonse, ndi zomwe ndafotokozazi. Ngati pali kadazi kozungulira kosalala, mwina ndi alopecia areata, pomwe chitetezo cha thupi chimalimbana ndi mizu ya tsitsi, ndipo kwa ena imayamba pa nthawi ya nkhawa. Ngati latha kutsogolo ndi m'mbali mwa makutu, kawirikawiri ndi kuluka kothina kuja, mesh ndi mawigi omata, ndipo ichi mukachilekerera zaka zambiri mizu imafa osameranso. Ngati pakuyabwa ndi kufunduka, mwina ndi zipere. Palinso ena omwe nkhawa ikawagwira amazula okha tsitsi osadziwa, ali pa foni dzanja lili kumutu, amenewonso ndi matenda ndipo amathandizika.

Mukapita kuchipatala pemphani akuyezeni magazi. Kuchepa kwa magazi kumathothola tsitsi komanso kumafoola. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimabweretsa zonse ziwiri pakamodzi, kukhumudwa ndi kuthothoka kwa tsitsi, munthu nkumangoti ndi maganizo pomwe pali mankhwala ake. Chindoko nacho chimatha kudya tsitsi mwa apo ndi apo, musakhumudwe akakufunsani zimenezo.

Koma achemwali, ine powerenga imelo yanu chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri si chipeso chija. Ndi mawu aja akuti simugona, simudya, simufuna kuonana ndi anthu, ndipo papita miyezi. Kulira maliro ndi chinthu cha umunthu, palibe cholakwika, koma munthu akakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kupitirira sabata ziwiri, zomwe ankakonda osazifunanso, mpaka kulephera zintchito zapakhomo, amenewo akhoza kukhala matenda okhumudwa aja ena amati dipulesheni, ndipo amachizika ngati matenda ena onse. Yambirani pa helefi senta ya kwanu kapena ku Bwaila, ndipo mukalowa musangonena za tsitsi, nenaninso za tulo ndi chakudya ndi kulira kuja, chifukwa pamzere wautali uja dokotala amathandiza chomwe mwamuuza. Ku St John of God ku Area 43 kuli anthu omwe ntchito yawo ndi matenda a maganizo, kuphatikizapo uphungu. Za khungu ndi tsitsi angakulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central. Ndipo ngati munaganizapo zodzipha olo kamodzi, chonde musadikire Lolemba, uzani munthu yemwe mumamukhulupirira lero lomwe akuperekezeni kuchipatala.

Mapemphero pitirizani, azakhali musakangane nawo, amakukondani, kungoti ndalama yomwe ikanapita kwa asing'anga kapena pa mafuta a m'mabotolo a pa WhatsApp aja ikhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Kuchipatala akakupatsani mankhwala a dipulesheni monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti amatenga sabata zingapo kuti muyambe kumva kusintha. Kwa anthu ochepa mankhwala ena a maganizo nawonso amathothola tsitsi, zikatero bwererani kwa dokotala akusinthireni, osangosiya nokha mwadzidzidzi.

Pakadali pano tsitsilo lipumitseni. Relaxer ayi, kuluka kothina ayi, chipeso chikhale cha mano otalikirana. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi, pakani ngati mumawakonda, koma sangaimitse kuthothoka kwa mtundu uwu. Yesetsani kudya olo pang'ono pang'ono, usipa, nyemba, mazira, bonongwe, chiwindi mukachipeza. Minoxidil wa ku famase, mankhwala omeretsa tsitsi, musathamangire musanafunse dokotala, makamaka ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye olo litasiya kugwa mawa, kuti mutu udzadze ngati kale zitha kutenga chaka, musamaliyeze sabata iliyonse. Mukapita kuchipatala mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti magazi aja atuluka bwanji.