Les Paul Standard ya '50s kapena ya '60s, mugule iti?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti asunga ndalama nthawi yaitali kuti agule gitala yamagetsi ya Gibson Les Paul Standard, koma asokonezeka pakati pa ya '50s ndi ya '60s poti pa zithunzi zikuoneka chimodzimodzi. Amaimba gitala ya lead, ndipo akuti manja awo ndi aang'ono.

Achimwene, zambiri n'zofananadi. Zonse ziwiri zinatuluka mu 2019 (mayinawo akungotanthauza kuti anatengera magitala a m'ma 1950 ndi m'ma 1960), thupi ndi la mahogany pamwamba pake maple, bridge (potsamira nsambo pa thupi) ndi ABR-1, ndipo sanazibowole mkati kuti zipepuke ndiye konzekani, zambiri zimadutsa makilo 4, phewa limamva ndithu.

Kulira kwake kumasiyana chifukwa cha ma pickup, tizida ta maginito totola kulira kwa nsambo. Ya '50s ili ndi Burstbucker 1 ndi 2 a maginito a Alnico II, imalira mofewa, monona bwino. Ya '60s ili ndi 61R ndi 61T a Alnico V, mawu ake ndi akuthwa, solo imatulukira msanga pakati pa kiyibodi ndi ng'oma. Koma anthu amakokomeza, ng'oma zikayamba kusiyanaku kumachepa zedi, mwina kungopotoza tone pa ampu basi mwafika. Zomangira nsambo musataye nazo nthawi, ya '60s ili ndi ma Grover, ya '50s ili ndi zachikale zija, zonse zimagwira.

Nkhani ili pa khosi. La '50s ndi lonenepa ngati mpini wa khasu, limadzaza chikhatho, ndipo ngati mumakonda kukoloweka chala chachikulu pamwamba pokoka nsambo mudzaona kuti chikufika movutikira. La '60s, lomwe amati SlimTaper, ndi lopyapyala, dzanja limathamanga. Ndiye pa manja anuwo ine ndikanati '60s, komabe musathamangire, alipo a manja aang'ono omwe khosi lopyapyala limawatopetsa pa ma barre chord (pomwe chala chimodzi chimapanikiza nsambo zingapo nthawi imodzi) chifukwa chikhatho chimasowa potsamira, amangofinya mpaka dzanja kuuma.

Ndikulimbikira apa chifukwa pickup mukhoza kusintha tsiku lililonse, koma khosi la Les Paul ndi lomata ndi guluu, si ngati la gitala ya Fender Stratocaster lomwe mumangomasula ma screw anayi. Mukalakwitsa pamenepo mwalakwitsiratu.

Chonde musaode pa intaneti musanaigwire. Pitani mu shopu, ikolekeni pa phewa muyimirire nayo, gwirani chord ya F pa fret yoyamba (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi) nthawi yaitali kenako mukwere mpaka fret 15, mumve ngati dzanja likudandaula. Ngati ali ndi ziwiri za mtundu umodzi yesani zonse, kulemera kwake sikufanana.