Batire likamatha galimoto ili chiimire, yambani mwakayikira alamu

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina amene anasiyiridwa Peugeot 504 ndi malemu bambo ake. Amaiyendetsa mwa apo ndi apo, pa maukwati ndi popita kumudzi, ndipo chiikireni alamu, akafuna kuiliza amapeza batire lilibe moto. Agula kale batire latsopano koma palibe chasintha, choncho akufunsa ngati mabatire a masiku ano angokhala achabechabe.

Bambo, funso lanu landikhudza chifukwa vuto limeneli linandisautsa nthawi yaitali pa Mercedes-Benz 240D yanga ya mtundu wa W123, yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Injini ya dizilo ya galimoto imeneyi ikangolira sifunanso magetsi kuti ipitirize kuyenda, ndipo ngakhale kuizimitsa kumadalira mpweya wokokedwa m'timapaipi osati waya. Anthu amene anaipanga anaonetsetsa kuti ikaima, chinthu chokhacho chodya moto chikhale wotchi ya pa dashibodi. Ndinkatha kuisiya milungu ingapo, n'kubwera, kudikira kuti getsi la mapulagi otenthetsa lizime, ndipo inkalira msanga. Kuba magalimoto kutayamba kumveka m'dera lathu, ndinapita nayo kwa munthu woika ma alamu, ndipo kuyambira pamenepo galimoto inasintha khalidwe. Ndinkati ndikapotokola kiyi, magetsi a pa dashibodi ankayaka mofooka, sitata n'kungoti ke ke ke, osatembenuza injini. Galimoto ya dizilo yolemera chotere si yokankha ndi ana awiri a pakhomo, moti ulendo uliwonse unkayamba ndi kukapempha mnansi kuti abweretse galimoto yake ndi mawaya ojampira.

Makaniko woyamba anati batire latha, ndipo ndinagula lina. Wachiwiri anati alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, sikutchaja, anaimasula, n'kupeza kuti ilibe vuto. Palibe mwa iwo amene anatenga multimeter, mita yoyezera magetsi, kuti aone ngati pali moto umene ukutuluka m'batire galimoto itazimitsidwa, chikhalirecho ntchito imeneyi sitenga ngakhale theka la ola. Izi zimandipweteka mpaka lero, chifukwa ndikudziwa kuti anthu ambiri akuwononga ndalama pa mabatire amene analibe mlandu. Kugulitsa munthu batire musanayeze chimene chapha loyambalo ndi kumubera, ngakhale wogulitsayo atakhala kuti sanafune kutero.

Tsiku limene tinatsegula pansi pa dashibodi ndi munthu wodziwadi za magetsi a galimoto, tinapeza kabokosi ka alamu katamangiriridwa ndi nsanza ya labala, mawaya ake atapotedwa ndi manja pa mawaya akale n'kukulungidwa ndi tepi wakuda amene anali atasungunuka ndi kutentha, akumata m'zala. Titazula kabokosiko, nambala ya pa mita imene tinalumikiza ku batire inatsika mpaka kutsala pang'ono kufika pa ziro.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndikufuna muwaone nokha. Tiyerekeze kuti alamu yanu ikukoka 30mA (mA ndi muyezo wa moto umene ukukokedwa, ndipo 1,000mA ndi 1A), umene si moto wambiri kwa alamu yokhala ndi kagetsi kothwanima ndi kachipangizo kodikira rimoti usana ndi usiku. Pa maola 24 imadya 0.72Ah (Ah ndi muyezo wa moto wosungidwa m'batire), ndipo pa masiku 30 imadya pafupifupi 22Ah. Ngati batire lanu lalembedwa 45Ah, ndiye kuti pa mwezi umodzi theka la moto wake lapita, osawerengera umene batire limataya palokha, umenenso umachuluka nyengo yotentha ya October ndi November. Mukawonjezera kachipangizo kolondolera komwe galimoto ili, kapena wailesi yatsopano yofuna moto wosungira masiteshoni, nthawiyo imafupika. Alamu imadya batire ngati mmene nankafumbwe amadyera chimanga m'thumba, mwakachetechete, mwini wake n'kudzazindikira tsiku lofuna kupita kuchigayo. Munthu woyenda pa galimoto tsiku lililonse sazindikira zimenezi chifukwa alternator imabwezera motowo m'mawa uliwonse.

Choipa kwambiri n'chakuti batire la asidi ndi mtovu silikhululuka likasiyidwa lopanda moto. Likakhala lodzaza ndipo lapuma usiku wonse, limaonetsa 12.6V kapena kupitirira pang'ono, pa 12.2V latsala ndi theka, ndipo likatsika pansi pa 12V lili pangozi. Likakhala chotero milungu yambiri, mchere wotchedwa lead sulphate umene umapangika pa timbale ta mkati mwa batire umauma n'kukhala timiyala tosasungunukanso potchaja, ndipo mphamvu ya batire imachepa mpaka kalekale. N'chifukwa chake batire latsopano limatha kukalamba m'miyezi yowerengeka likamaphwa mobwerezabwereza. Mabatire olizira galimoto anapangidwa kuti apereke moto wambiri kwa masekondi ochepa n'kudzazidwanso nthawi yomweyo.

Pali chizolowezi china chimene ndikutsutsana nacho kotheratu, chouza mnyamata wa pakhomo kuti aziliza galimoto mphindi zisanu Loweruka lililonse kuti batire lisagone. Sitata imakoka moto wambiri zedi, ndipo injini yongolira pamalo amodzi kwa kanthawi kochepa sibweza zonse zimene alamu yadya sabata yathunthu. Pa magalimoto akale kwambiri okhala ndi dayinamo m'malo mwa alternator zinthu zimaipiraipira, popeza dayinamo sitchaja kwenikweni injini ikamalira pang'onopang'ono. Komanso injini imene sinatenthe mokwanira imasiya chinyezi m'mafuta ndi mu ekizozi, dzimbiri n'kuyamba ntchito yake. Ngati mwaganiza zoiliza, tulukani nayo muyende ulendo wa theka la ola kapena kuposerapo.

Ndipo ndinene mosabisa kuti pa galimoto yokhala m'galaja kapena mumpanda, alamu ya mtundu umenewu ilibe phindu lolingana ndi mavuto ake. Alamu ikamalira usiku m'tauni, anthu amangotembenuka pabedi poganiza kuti ndi mphaka kapena bingu. Batire likaphwa, alamuyo imakhala chete, ndiye kuti nthawi imene mwachokapo kwa miyezi, pamene chitetezo chikufunika kwambiri, galimoto ilibe mlonda. Chitsulo chokhoma chiwongolero, loko wa pa giya, ndi swichi yobisika yodula moto wopita ku koyilo (imene imapatsa mapulagi moto pa injini ya petulo) sizidya batire ngakhale pang'ono, ndipo wakuba amene akuthamanga ndi nthawi zimamuchedwetsa kwenikweni. Eni magalimoto akale kuposa yanu ali ndi chifukwa chinanso chosamalira: magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa chisanafike chaka cha 1965 analumikiza mbali ya positive ku thupi la galimoto, ndipo Volkswagen Beetle zambiri za chisanafike chaka cha 1967 ndi za 6V, kotero alamu yogula m'sitolo lero siyenerana nazo popanda kusintha zina. Peugeot 504 yanu ilibe vuto limeneli.

Kuyeza kwake

Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko kuti getsi la mkati lisayake. Masulani waya wa negative pa batire, ikani multimeter pa 10A, ndipo ilumikizeni pakati pa mutu wa batire ndi waya mwamasulawo. Musayese kuliza injini mita ili pamenepo, chifukwa muiwotcha. Dikirani mphindi zingapo kuti alamu ikhazikike, kenaka werengani. Galimoto yakale ngati yanu iyenera kuonetsa moto wochepa kwambiri, ndipo chilichonse chopitirira 50mA n'chizindikiro cha vuto ngakhale pa galimoto yamakono. Zulani mafyuzi imodziimodzi mukuyang'ana nambala. Ikapanda kutsika, kumbukirani kuti oika ma alamu ambiri amatenga moto molunjika ku batire, choncho tsatirani waya aliyense wooneka wachilendo. Musaiwale getsi la m'buti, diode (kachipangizo kolola moto kuyenda mbali imodzi yokha) yowonongeka mu alternator, ndi sayirini yokhala ndi kabatire kakekake, kamene kakakalamba kamakoka moto kosalekeza.

Mukapeza kuti ndi alamu, njira yotsika mtengo ndi swichi yodula batire yomangidwa pa mutu wa negative, imene mumangopotokola mukaimika galimoto. Ngati mukufunitsitsa kuti alamu izigwirabe ntchito, gulani chaja yanzeru yosiya yokha batire likadzaza, monga za CTEK kapena Optimate, osati chaja wamba imene ikasiyidwa masiku ambiri imaphwetsa madzi a m'batire. Kumene magetsi amazimazima, kasola ka 10W kokhala ndi regulator yoteteza batire kuti lisatchajidwe mopitirira, koikidwa poti dzuwa limafika kamakwanira. Musanachotse alamu onani ngati inshuwalansi yanu imaifuna, ndipo pezani munthu wodziwa, chifukwa ma alamu ena amadula waya wa sitata kapena wa koyilo umene uyenera kulumikizidwanso bwino. Batire mwagulalo litchajeni pang'onopang'ono pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, lipume usiku umodzi lisanalumikizidwe, ndipo likaonetsa pansi pa 12.4V m'mawa mwake, lawonongeka kale. Koma musagule lina musanatseke pamene moto ukutulukira.