Musagule stem musanayeze, ine inandisiyira chipsera

Achimwene, mwati mukufuna kugula stem ina ya njinga yanu yakale yachitsulo, dikirani kaye musanagule. Ine nkhani ya stem, chitsulo chija chimalumikiza handulo ndi foloko, inandisiyira chipsera pachibwano, mpaka lero ndikamameta ndevu lumo limakodwa pomwepo.

Njinga yanganso inali yachitsulo, ya m'zaka za m'ma 1990, stem yake ya quill, ija imalowa mkati mwa paipi ya foloko n'kumangidwa ndi bawuti imodzi yaitali pamwamba. Stem-yo inali yotalika 135 mm, ndinkachita kugonera kutsogolo, msana kuwawa, manja kuchita dzanzi. Ndinapita kwa makaniko wina kuti andiikire yaifupi ndi yokwererapo. Bambo aja sanayeze kanthu, anangoyang'ana n'kuti zonse n'zofanana. Zofanana pati? Foloko ya 1 inchi imalandira quill ya 22.2 mm, ya 1 1/8 inchi imafuna 25.4 mm. Yanga inali 1 1/8, iwo anaponyamo ya 22.2. Itayamba kugwedera anadula chitini, kukulunga, kukhomera ndi hamala, kumanga bawuti mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Ine ndili chiimire pompo, ndikuthokoza ngati andichitira zaulere.

Komanso mukudziwa njinga zakalezi, zambiri zili ndi mabuleki a cantilever, ndipo waya wa buleki yakutsogolo umadutsa pabowo la pa stem pomwepo. Stem yatsopano inalibe bowolo. Akuti buleki yakumbuyo ikukwanirani, mudzabwere tidzaone. Ndinavomera. Uchitsiru wanga unali pamenepo, sindikana.

Tsiku lachitatu ndikutsika mtsetse wa miyala, liwiro ndithu, pansi pali khona. Tayala lakutsogolo linagunda mwala, ndinamva kuti khwe m'manjamu. Ndikukhotetsa handulo kumanzere, tayala likungopita kutsogolo. Handulo inkazungulira yokha ngati chitseko, manja ali uku njinga ili uko. Ndinafinya buleki yakutsogolo, palibe, chogwirira kungofika pa handulo. Ndinafinya yakumbuyo, tayala linauma n'kuyamba kukhwekhwereka pamiyala. Ndikukumbuka bwino ndikuona chitini chija chitasololoka m'khosi mwa foloko, chikunyezimira, kenako thambo, kenako dothi m'kamwa. Chibwano chinang'ambika, mapewa kusupuka, dzino limodzi linagwedera mwezi wathunthu. Ndinakhala pansi nthawi yaitali, magazi akudontha pa malaya, tayala likuzungulirabe mumtsinje wouma. Nditazula stem ija ndinapeza kuti anaikwezanso kupitirira mzere uja amalemba kuti isatuluke kuposa apa. Kachitsulo kopendekera ka pansi pa quill, kamene bawuti imakoka kuti stem igwire, kankangogwira pamazinga a foloko, pomwe paipi ndi yopyapyala.

Nditabwerera, bamboyo akuti ndimayendetsa moipa. Anthu otere amandinyansa. Munthu alibe ngakhale choyezera, koma kulankhula ngati njingayo anaipanga ndi iye. Zikanakhala kuti anali atakwera mwana?

Ndiye inu yezani nokha, musakhulupirire maso a munthu. Onani kaye mtundu wake. Ngati pakhosi pali nati yaikulu ndipo stem ikulowa mkati, ndi quill: masulani bawuti yapamwamba pang'ono ndi alenki, nthawi zambiri ya 6 mm, imenyeni pang'ono kuti kachitsulo kapansi katsike, zulani, yezani. Zambiri nambala imakhala yolembedwa pomwepo. Ngati stem ikukumbatira paipi kunja ndi mabawuti awiri m'mbali, ndi ya threadless, kawirikawiri 28.6 mm. Imeneyo paipi izitsala 2 kapena 3 mm pansi pa mlomo wa stem, mumange kachivindikiro kapamwamba kaye mpaka kugwedera kuthe, kenako am'mbali, 5 kapena 6 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) basi, osati mphamvu zonse.

Poyeza musaiwale pogwira handulo. Zakale zambiri ndi 25.4 mm, zamakono zambiri ndi 31.8 mm, zinanso 35. Kutalika muziyeza kuchokera pakati pa paipi kufika pakati pa handulo. Musalumphe kuchoka 135 kufika 50 nthawi imodzi, felemu zakale zinapangidwa kuti ziziyenda ndi stem yaitali, mukafupikitsa kwambiri njinga imanjenjemera ndipo pokwera chitunda kutsogolo kumadzuka. Pakani girisi pa quill, aluminiyamu ikakhalitsa mu chitsulo imagwirana osatulukanso. Ndipo ngati waya wa buleki unkadutsa pa stem, gulani kachitsulo kokolekapo waya tsiku lomwelo, musachoke popanda buleki.

Zoikaika zodzazira mpata musalole. Ngakhale kunena zoona ine pano ndinaika adaputa ya quill kuti ndigwiritse stem yamakono ya 90 mm, ndipo handulo yanga yakale ya 25.4 yagwidwa ndi shim, kachitsulo kodzazira mpata, mu stem ya 31.8, chaka chachinayi ichi sinasunthepo. Koma imeneyo ndi yopangidwira ntchitoyo, si chitini. Ngati yanu yagwira dzimbiri ikukana kutuluka, musalimbane nayo, pitani nayo kwa makaniko. Yanga anandimangira ndi makaniko wina, ine ndekha manja ankanjenjemera. Tumizani chithunzi cha pakhosi pa foloko tione kaye ndi mtundu uti.